Kulowa Nyanja Yofiira ndi Miyendo, Silinda Kumsana

Anthu kuno ku Mzuzu akamva kuti ndimabira pansi pa madzi nditabereka silinda, funso loyamba limakhala la ng'ona, lachiwiri la ndalama. Kenako pamapezeka mmodzi wodziyesa wodziwa, wofunsa kuti okosijeniyo ndimakagula kuchipatala chiti. M'silinda mulibe okosijeni wa kuchipatala. Ndi mpweya womwewu tikupumawu, magawo 21 pa 100 okosijeni, otsalawo pafupifupi onse naitirojeni, wongosefedwa ndi kupanikizidwa ndi makina mpaka geji italoza 200 bar. Ng'ona nazo zimakonda m'mabango ndi m'mathiriro a mitsinje, osati m'miyala ya madzi oyera ku Nkhata Bay kumene ndinaphunzirira. Za ndalama zokhazo ndiye ndisaname, zimaboola thumba.

Ndinayamba ndili wamkulu kale, mayi wa ana awiri, chifukwa cha mnzanga wina Mtonga amene ankandiseka kuti ndimakhala makilomita 50 okha kuchokera kunyanja koma nsomba ndimangozidziwira pa msika wa Zigwagwa, zitauma kale. Ndinatenga setifiketi yoyamba, yolola munthu kutsika mamita 18, kenako yachiwiri, ya mamita 30. Zonsezi m'nyanja yathu yomweyi, pakati pa mbuna zabuluu ndi zachikasu zikupala ndere pamiyala, ndi akampango atabisala m'mapanga. Madzi a mchere ndinali ndisanawalawepo.

Mu Novembala 2022 bungwe limene ndimagwirako ntchito, la za mitengo ndi mbaula zosadya nkhuni zambiri, linanditumiza ku msonkhano wa mayiko wa za kusintha kwa nyengo, wa COP27, ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt. Za msonkhanowo ena analemba kale zambiri. Unatha pa 20 Novembala, utapitirira ndi masiku awiri, mayiko atagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza amene awonongedwa ndi kusintha kwa nyengo. Anzanga anathamangira m'mashopu kukagulira abale zikwama ndi mafuta onunkhira. Ine ndinakwera basi yopita kumpoto, kudutsa m'mapiri ofiira opanda ngakhale kaudzu, mpaka ku Dahab.

Dahab unali mudzi wa asodzi a mtundu wa Bedouin, m'mbali mwa Gulf of Aqaba, imodzi mwa nthambi ziwiri za kumpoto kwa Nyanja Yofiira. Kutsidya kumaoneka mapiri a Saudi Arabia. Nthambiyi ndi yopapatiza koma yakuya koopsa, malo ena mamita oposa 1,800, pamene nyanja yathu imathera cha pa 700. Zonse ziwiri zili mumzere umodzi wa ming'alu ya dziko yochokera ku Middle East mpaka ku Mozambique, ndipo n'chifukwa chake ku Dahab, monganso ku Nkhata Bay, mtunda sucheza potsetsereka. Makorali, zamoyo za m'nyanja zomanga matanthwe, amamera momatirira kugombe kwenikweniko. Boti silifunika. Zipangizo amazikweza pa pikapu, kukutsitsani pamalo, muvale, mulowe m'nyanja wapansi.

Kumva kokha zimaoneka zophweka kuposa za boti. Pa boti umakhala pamphepete, kugwira masiki ndi dzanja, n'kugwera chagada, madzi akulandira ndi katundu wako yense. Wapansi katunduyo umasenza wekha. Silinda yodzaza, jekete yopopa, lamba wa mtovu, regulator (chipangizo chopumira cholumikiza silinda ndi pakamwa) ndi suti ya labala, zonse pamodzi zimapitirira makilogalamu 20, ndipo uyenera kuyenda nazo padzuwa, pamiyala yoterera, mafunde akukukankha m'mawondo. Pamalo otchedwa Lighthouse, pomwe ambiri amayambira, timavalira pakati pa malo odyera, anthu atakhala pamakushoni akumwa tiyi, amphaka akuzungulira m'miyendo. Umadutsa pakati pawo utawerama, thukuta likutsikira m'kati mwa suti, ndipo palibe ngakhale mmodzi wotembenuka kukuyang'ana.

Wotitsogolera anali mnyamata wa ku Cairo, wowonda, wosalankhula zambiri. Atawona khadi langa anafunsa kuti Malawi ali ndi nyanja yanji. Nditamufotokozera anangoti, "Ndiye mayi, zonse mukuzidziwa kale, kupatula zitatu: mchere, kuphwa kwa madzi, ndi manja anu." Nthawi imeneyo ndinaona ngati akungondilimbitsa mtima. Zinadzapezeka kuti anawerenga bwino.

Kalowedwe kake ndi aka. Kumapazi umavala nsapato za labala zolimba kunsi, osati kulowa chabe monga timachitira pa mchenga wa ku Chikale. Zipsepse za kumapazi umazinyamula m'manja. Woyenda atazivala amagwa chafufumimba asanafike patali. Jekete umaipopa pang'ono kuti ukaterereka uyandame. Ukuyenda, maso pansi, phazi osalikweza kwambiri, chifukwa m'mipata ya miyala mumakhala ma sea urchin, tinyama takuda taminga italiitali imene imathyokera m'mnofu, ndiponso stonefish, nsomba yofanana ndi mwala wa ndere imene ululu wa minga yake umatha kugoneka munthu m'chipatala. Madzi akafika pachifuwa katundu uja amapepuka mwadzidzidzi. Apo umagwira phewa la mnzako, kupinda mwendo umodzi pamwamba pa bondo linalo, kuvala chipsepse, kusinthana mwendo, kenako iye agwire lako. Mukatero mumapatsana chizindikiro, kutulutsa mpweya m'jekete, n'kuyamba kutsetsereka ndi mchenga, mukutsina mphuno ndi kupemerera pang'ono kuti makutu atseguke. Wa ku Mzuzu aliyense amene anatsikapo ndi minibasi kudzera pa Mpamba amakudziwa kutseka kwa makutu kumeneko, kungoti m'madzi kumabwera msanga: mamita 10 okha kupanikiza kwawirikiza kale kawiri.

Za mchere zinaonekera pomwepo. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi magalamu 35 a mchere pa lita. Nyanja Yofiira ili ndi pafupifupi 40, chifukwa dzuwa limaumitsa madzi ambiri, mvula ndi yosowa, ndipo palibe mtsinje woyenda chaka chonse umene umathiramo. Madzi oterowo amakukana. Mtovu umene umandikwanira ku Nkhata Bay sukanandimiza kumeneko, moti anandiwonjezera makilogalamu atatu tisanalowe, n'kundiyesa pamadzi osaya: jekete yopanda mpweya, mapapo odzaza, madzi alekeze m'maso, ukatulutsa mpweya uyambe kumira pang'onopang'ono. Kusowa kwa mitsinje komweko ndi kumene kumachititsa madzi kukhala oyera chomwecho. Kwathu mvula ikagwa m'mapiri, matope amatsikira m'nyanja ndipo pena umavutika kumuona mnzako ali pafupi. Kuja umaona mamita 20, 30, mpaka kuchita chizungulire.

Mchere uli ndi chipongwe chinanso. Milomo imasweka, kukhosi kumauma, kabala kakang'ono ka lezala kamakukumbutsa kuti kalipo. Ukatuluka, chilichonse uyenera kutsuka ndi madzi abwino, apo ayi mchere ukauma umadya zipi ndi kutseka timabowo ta regulator. Ife a kunyanja timapusa nazo zimenezi chifukwa kwathu ukavuuka ndiye kuti wasamba kale, zipangizo wachapa kale. Kutentha kokha n'kumene sikunandidabwitse: mu Novembala madzi anali cha m'madigiri 25, osasiyana kwenikweni ndi athu.

Tsono thanthwe la makoralilo. Pa Lighthouse mumatsika ndi mchenga, kukhotera kumanzere, thanthwe likhale kuphewa lamanzere popita, lamanja pobwerera. Choyamba kundifika sichinali mtundu koma phokoso. Nyanja yathu pansi pake ndi zii, umangomva mpweya wako ndi injini ya boti patali. Apa n'kuti kuli kuthetheka kosalekeza mbali zonse, ndipo pakati pake kukukuta kwamphamvu ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga pafupi ndi khutu lako. Ndinatembenuka kufuna wokukutayo: nsomba yobiriwira ya mlomo wonga wa chinkhwe, parrotfish, ikuluma thanthwe. Imapala ndere pamodzi ndi mwala womwe, kupera ndi mano ena a kukhosi, n'kutulutsa kumbuyo kamtambo koyera. Mchenga wina woyera umene alendo amagonapo m'magombe a makorali unadutsa m'mimba mwa nsomba imeneyi.

Ndinaima nthawi yaitali pa mutu umodzi wa korali, waukulu moti anthu awiri sangaufungatire, pa mamita 12. Pamwamba pake panali khamu la tinsomba ta olenji, anthias, tonse titaloza kumene madzi akuchokera, tikutola zakudya zosaoneka ndi maso. Ndikatulutsa mpweya mwamphamvu tonse pamodzi tinkalowa m'mipata, ndikakhala phee tinkatulukanso. Kunsi kwake, pamthunzi, nsomba yaikulu yamawangamawanga inali itayasama, makha atatseguka, ndipo kansomba kowonda ka mzere wakuda kankalowa mkamwa mwake n'kutulukira m'makhamo, kukutola tizilombo. Yaikuluyo ikanafuna ikanangotseka kamwa. Siinatseke. Cha kumbali kunali anemone, nyama yofewa ya tinthambi tambirimbiri toluma, ndipo m'kati mwake munkakhala tinsomba tiwiri tachikasu ta mizere iwiri yoyera. Kamodzi, kosakwana chikhato changa, kanatuluka n'kudzandigunda pagalasi la masiki kuti ndichoke pakhomo pake. Mtima umenewo ndinauzindikira: ndi wa mbuna yaimuna ikuteteza mwala wake.

Kusiyana kwake ndi uku. Nsomba zambiri za m'nyanja yathu ndi za banja limodzi, ma cichlid, mitundu mazanamazana yochokera ku makolo ochepa, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo n'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Maonekedwe a thupi amafanana, zimasiyana mitundu, milomo ndi makhalidwe. Nyanja Yofiira ili ndi mitundu yoposa 1,000 ya mabanja osiyanasiyana: zabokosi, zazitali ngati ndodo, zaphanthi, zaminga. Sindivomereza amene amati yathu ndi yosauka poyerekeza ndi iyo. Mbuna yaikazi ikumeza ana ake onse mkamwa poona mdani, n'kudzawalavula ngozi ikapita, zimenezo kuja sindinazione.

Nkhani ya manja ndiyo inali yovuta. Ku Nkhata Bay mwala ndi mwala. Ukafuna kusuzumira m'phanga umatsamira ndi chala chimodzi, palibe cholakwika. Korali ndi nyama. Chimene chimaoneka ngati mwala ndi nyumba ya laimu yomangidwa ndi tinyama ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo gawo lamoyo ndi kakhungu kopyapyala ka pamwamba pokha. Makorali a mitu ikuluikulu amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka, ndiye mutu uja ndinaimapo uyenera kuti unayamba agogo anga asanabadwe. Ukaugwira umauvulaza, ndipo wina, wotchedwa fire coral, wachikasu wa nsonga zoyera, amakubwezera pomwepo ndi moto pakhungu. Otsogolera ambiri salola magolovesi, kuti munthu aziopa kugwira. Ndiye manja umawapinda pachifuwa, kukwera ndi kutsika uzichita ndi mapapo: kukoka mpweya wambiri ukwere pang'ono, kutulutsa utsike. Chosaloledwa n'chimodzi, kugwira mpweya osapuma, makamaka pokwera, chifukwa umafufuma m'mapapo n'kuwang'amba.

Apa ndi pamene nyanja yathu inandigwirira ntchito. Pansi pake pali fumbi la matope loti ukangomenya chipsepse molakwika onse akumbuyo kwako saonanso kanthu, ndiye aphunzitsi a kwathu amakukhwimitsira kuti mawondo apindike, zipsepse ziloze m'mwamba, umenye ngati chule. Luso lomwelo ndi limene limateteza korali. Tsiku lina tinakumana ndi bambo wina wa kamera yodula, zipangizo zonse zatsopano, ataimirira ndi zipsepse zonse ziwiri pa korali wa nthambi kuti ajambule bwino. Wotitsogolera anagogoda silinda yake ndi kachitsulo mpaka bamboyo anatembenuka, koma tizidutswa tinali titagwa kale. Ndinapsa mtima mpaka geji yanga inatsika msanga kuposa masiku onse. Ndalama zimagula ulendo, kudekha ayi.

Chimene ndinakondera kulowa wapansi ndi mabwerero ake. Geji ikafika pa 100 bar mumatembenuka, n'kumabwerera mukukwera pang'onopang'ono ndi thanthwe. Mphindi zitatu zija timaima pa mamita 5 kuti naitirojeni achepe m'thupi, pa boti umazithera utagwira chingwe, ukuyang'ana wotchi. Apa umazithera pamalo okongola kuposa onse, chifukwa madzi amameza mtundu wofiira m'mamita ochepa oyambirira, ndipo pansi kwambiri zonse zimaoneka zabuluu ndi zotuwa. Ukamakwera mitundu imabwerera. Koma palibe boti lodzakutola ukasochera. Potulukira uyenera kupadziwa wekha, ufike ndi 50 bar yako, ndi mphamvu zotsala zosenzera katundu uja pamiyala miyendo italema.

Kuphwa kwa madzi ndinakuphunzira pa Eel Garden, kumpoto pang'ono kwa tauni. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika ndi nyengo ya mvula. Ya mchere imatero kawiri patsiku chifukwa cha mwezi. Ku Dahab kusinthako si kwakukulu, koma pa Eel Garden uyenera kudutsa pamwamba pa thanthwe losaya kuti ufike pa kampata kolowera, ndiye madzi akaphwa, kapena mphepo ya kumpoto ikakula, palibe kulowa. Tinafika mmawa, mnyamata uja anayang'ana mafunde akuswekera pamphepete, n'kunena kuti timwe kaye tiyi. Wina wa m'gulu lathu anadandaula kuti walipira. Ine ndinakhala pansi osatsutsa. Amene anaonapo mwera ukubweza asodzi pagombe satsutsana ndi mwini nyanja. Titalowa madzi atakwera, tinapeza chitsetso cha mchenga woyera chodzaza ndi nsomba zowonda zonga mikunga, mazanamazana, michira ili m'mauna, mitu ikugwedezeka m'madzi. Ukayandikira, za patsogolo pako zimalowa pansi, za kumbuyo kwako zikutuluka, moti nthawi zonse umakhala pakati pa bwalo lopanda kanthu.

Ku Blue Hole ndinapitako chifukwa aliyense amafunsa. Ndi dzenje lozungulira m'thanthwe, pafupi ndi gombe penipeni, lakuya mamita oposa 100. Cha pa mamita 55 pali khomo lotulukira kunyanja yaikulu, ndipo khomo limeneli lapha anthu ambiri. Malire a ife obira mongosangalala ndi mamita 40. Kupitirira apo naitirojeni amaledzeretsa, munthu n'kulephera kuona khomolo, n'kumangotsika. Pakhoma la phiri panjira yopita polowera anakhomapo miyala ya mayina a omwalira, ambiri achinyamata, ena aphunzitsi. Umadutsa pamenepo utabereka silinda yako. Ife tinalowera pa Bells, mng'alu wopapatiza wotsika choimirira, kutulukira pakhoma lopanda pansi pooneka, kulitsata lili kudzanja lamanja, n'kulowa m'dzenjemo podutsa pa mlomo wake wosaya. Khomalo ndi lokongola zedi. Dzenje lenilenilo m'kati mulibe zambiri, ndi buluu basi ndi zingwe za anthu obira ndi mpweya wa m'mapapo okha. Wondifunsa ndimamuuza kuti Lighthouse, pamene ongoyamba kubira amaphunzirira, pali zoona zambiri kuposa pamenepo.

Nditangochoka kumsonkhano wa za nyengo, sindikanalephera kufunsa za kuyera kwa makorali. M'minofu mwawo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimawapatsa chakudya ndi mtundu. Madzi akatentha kupitirira muyezo wa chilimwe ndi digiri imodzi yokha kwa milungu ingapo, korali amazitulutsa, n'kutsala woyera, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Mu Epulo 2024 bungwe la ku America la NOAA, loona za nyanja ndi nyengo, linalengeza kuti zimenezi zikuchitika padziko lonse kachinayi. A ku Gulf of Aqaba amadziwika kuti amapirira kutentha kuposa ambiri. Akatswiri amaganiza kuti makolo awo analowa kudzera kummwera kwa Nyanja Yofiira, kumene madzi ndi otentha kwambiri, ndipo anadutsa ndi olimba okhaokha. Amene ndinawaona mu 2022 anali amoyo, a mitundu yawo. Zowawononga zimene ndinaona ndi maso anga zinali zipsepse za alendo ndi majumbo apulasitiki okodwa m'nthambi.

Pali chinthu chimodzi chimene a ku Mzuzu tiyenera kuchisamala kuposa ena. Ukavuuka, naitirojeni amakhala akadali m'thupi, ndipo ukakwera msanga kumalo okwera amatha kuchita thovu m'magazi ndi m'mfundo. Lamulo la ndege ndi kudikira maola 12 ukabira kamodzi, 18 ukabira kangapo. Anthu amakumbukira ndege n'kuiwala msewu. Nyanja yathu ili pa mamita oposa 470 pamwamba pa nyanja ya mchere, zimene pazokha zimafuna kuti kompyuta ya padzanja, yoyeza kuya ndi nthawi yobira, iwerengere za malo okwera, ndipo Mzuzu ali pa 1,250. Ine ndikabira Loweruka ndimagona ku Nkhata Bay konko, kukwera ku Mzuzu Lamlungu masana. Ku Dahab msampha wake ndi Phiri la Sinai, la mamita 2,285, limene alendo amanyamuka usiku kukalikwera kuti dzuwa likawatulukire ali pamwamba. Mkhristu wa ku Malawi sangafike pafupi chomwecho n'kulisiya. Ndinayamba ndi phirilo, madzi pambuyo, ndipo tsiku lomaliza ndisanakwere ndege ndinangoyandama pamwamba ndi kapaipi kopumira.

Nditabwerera ndinapita kwa amayi ku Chibavi ndi zithunzi zonse pafoni. Za nsomba anangodutsa ndi chala mofulumira. Za phiri anaziyang'ana chimodzichimodzi, n'kuitana aneba. Kenako anafunsa kuti, "Nanga iwe, poti unalowa mpaka pansi pa Nyanja Yofiira, magaleta a Farao unawaona?"

Ndinati ayi amayi, ine ndimalekeza pa mamita 30.

"Ndiye ndalama zonsezo unangokaonera usipa wa eni ake," anatero, akubweza foni.